Kiyi wa Nkhokwe ya Dziko Ali ndi Yani?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Ino ndi pulogalamu yathu yokambirana za ulamuliro ndi chuma cha dziko. Lero tikamba za chimanga. Ena mudabwa kuti chimanga chadzatani mu pulogalamu ya ndale. Koma kwathu kuno munthu wofuna kudziwa ngati boma likutumikira anthu kapena likudzitumikira lokha apite pa depoti ya ADMARC mwezi wa February, aone kutalika kwa mzere, afunse amayi amene agona pamenepo kuti akuloledwa kugula makilogalamu angati.

Ndinene poyera mbali imene ndaima. Maganizo amene ndikambe lero ndi aja pandale amawatcha akumanzere. Dzinali linachokera ku France mu 1789, pamene aphungu ofuna kuchepetsa mphamvu za mfumu ndi anthu apamwamba ankakhala kudzanja lamanzere m'nyumba ya malamulo. Kuno si dzina la chipani chilichonse, ndipo sindikukopa munthu kuti avale nsalu yakutiyakuti. Anthu a maganizo amenewa, boma likachita chinthu, amafunsa kuti wapindula ndani ndipo walipira ndani. Pofuna yankho amayamba kuyang'ana kwa mlimi wa ekala imodzi, wogwira ganyu, mayi wogulitsa tomato, mlonda wa usiku. Amakhulupirira kuti chakudya, chipatala ndi sukulu sizingasiyidwe m'manja mwa amalonda okha, chifukwa wamalonda amamvera amene ali ndi ndalama m'thumba, ndipo mwezi wa njala wosauka alibe.

Maganizowa si achilendo kwathu. Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu la maganizo amenewa la LESOMA limene linkatsutsa boma lili kunja kwa dziko, anaphedwa ku Harare mu 1983. Chakufwa Chihana, amene anamangidwa mu April 1992 atangotsika ndege ku Lilongwe, anali munthu wa mabungwe a anthu apantchito. Ndipo kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, imene ambiri timaikumbukira chifukwa chonena za ufulu wolankhula, inadandaulanso za malipiro ochepa ndi kukula kwa kusiyana pakati pa olemera ndi osauka. Anthu amene anavotera zipani zambiri mu 1993 ankafuna ufulu, inde, komanso ankafuna kudya.

Tiyambire pa ADMARC. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo linali ndi misika pafupifupi paliponse, mpaka kumidzi kumene galimoto imafika movutikira. Mlimi ankagulitsa mbewu zake pamenepo, n'kugula feteleza pamenepo, ndipo chimanga chikatha m'nyumba ankachipeza pamenepo pa mtengo wofanana kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Akuluakulu athu akamasirira nthawi imeneyo sakunama. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sitiyenera kubisa. ADMARC inkagula fodya, thonje ndi mtedza kwa alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, n'kugulitsa kunja pa mtengo wokwera, ndipo phindu lambiri linkapita kokakuza maesiteti ndi makampani a anthu amene anali pafupi ndi ulamuliro. Mlimi wa kumudzi sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka cha mu 1990. Amene akanafunsa kuti phindu lathu likupita kuti akanagona ku ndende ya Mikuyu. Bungwe linali la boma, koma anthu analibe mphamvu yolifunsa, ndiye linadyetsa ochepa thukuta la ambiri.

Kuyambira mu 1981, dziko lathu linayamba kubwereka ndalama ku World Bank ndi IMF pa mfundo zakuti boma lichepetse kulowerera pa malonda. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ndipo misika ina ya ADMARC imene inkaoneka yosapindulitsa inatsekedwa. M'zaka za m'ma 1990 thandizo lotsitsa mtengo wa feteleza linachotsedwa. Chiyembekezo chinali chakuti amalonda adzafika paliponse pamene ADMARC yachoka, n'kupikisana, mlimi n'kupindula. Pafupi ndi misewu ya tala anafikadi. Kutali ndi msewu kunafika vendala mmodzi ndi sikelo yake, nthawi yokolola pamene mlimi ali kakasi ndi ngongole, n'kugula pa mtengo umene wanena yekha.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano tifike pa chaka chimene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ana obadwa pambuyo pake sachidziwa, ndipo amene anachiona ambiri safuna kuchikamba. Ndi njala ya 2001 mpaka 2002.

Mu 1999 boma linakhazikitsa bungwe la NFRA kuti lizisunga chimanga cha dziko, chodzapulumutsa anthu pa tsoka. Zokolola za 1999 ndi 2000 zinali zabwino, mwa zina chifukwa cha pulogalamu ya Starter Pack imene inkapereka timatumba ta mbewu ndi feteleza kwa pafupifupi mlimi aliyense. Nkhokwe za dziko, kuphatikizapo zija zazitali za ku Kanengo, zinali ndi matani oposa 160,000. Vuto linali lakuti NFRA sinapatsidwe ndalama zoyambira. Inagula chimangacho ndi ngongole ya kubanki ya chiwongoladzanja chachikulu. A IMF ndi ena othandiza dziko lino analangiza kuti kusunga chimanga chochuluka chotere n'kodula, choncho china chigulitsidwe kuti ngongole ibwezedwe, kutsale matani pafupifupi 60,000. Nthawi yomweyo Starter Pack inachepetsedwa kuti izifikira mabanja osankhidwa okha.

Chimene chinachitika n'chakuti chimanga chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Mvula ya 2001 inachuluka, minda inamira, zokolola zinatsika kwambiri. Pamene anthu anayamba kupita ku ADMARC, anapeza mulibe kanthu. Mtengo unakwera kanayi, kasanu, m'madera ena kuposa pamenepo. Anthu anagulitsa mbuzi, njinga, malata ndi ziwiya pa mtengo wongotaya. Anadya gaga, mizu ya nthochi ndi zikhawo zakutchire, ena n'kufa nazo. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankamenyedwa, ena kudulidwa ziwalo, ndi anthu a m'mudzi mwake momwe. Mabungwe ogwira ntchito ku Mchinji ndi ku Salima anachenjeza chaka cha 2001 chisanathe, ansembe analankhula, koma boma linachedwa kuvomera. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Bakili Muluzi, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala kumapeto kwa February 2002, anthu atayamba kale kuikidwa m'manda. Anafa mazanamazana, ndipo mabungwe ena anati anapitirira chikwi.

Nanga chimanga chija chinapita kuti? China chinatuluka kunja kwa dziko. Chambiri chinagulidwa konkuno, ndipo kafukufuku wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB anasonyeza kuti pakati pa ogula panali anthu andale ndi ena odziwana ndi akuluakulu, ena anatenga osalipira n'komwe. Chimanga chogulidwa motchipa ku nkhokwe ya dziko chinadzabwerera pamsika mtengo utakwera, n'kugulitsidwa kwa eni ake omwewo. Kenako boma linabwerekanso ndalama zoitanitsira chimanga kuchokera kunja pa mtengo wokwera, ngongole imene tinaibweza tonse.

Abale anga, pa nkhani imeneyi anthu amakonda kusankha wolakwa mmodzi. Andale a nthawiyo ankaloza IMF. A IMF ankati ife tinati gulitsani china, sitinati gulitsani chonse. Ine ndikuti zala ziloze mbali zonse ziwiri. Analakwa amene anawerengera mtengo wosunga chimanga osawerengera mtengo wa moyo wa munthu, m'dziko lodalira mvula ya nyengo imodzi, lopanda doko, kumene chimanga choitanitsa chimatenga miyezi kuti chifike. Analakwanso kwambiri Amalawi anzathu amene anapatsidwa kiyi wa nkhokwe n'kuona mwayi wolemera. Ndipo zonsezi zinatheka pa chifukwa chimodzi: mwini chimanga sankadziwa kanthu. Panalibe mlimi, mfumu kapena mtolankhani amene akanatha kupita ku Kanengo n'kunena kuti ndionetseni buku, mwatsala matumba angati, mwagulitsa kwa yani, pa mtengo wanji.

(NYIMBO PANG'ONO)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za chimanga cha dziko ndi udindo wa boma woyankha kwa anthu.

Itabweranso njala ina mu 2005, boma la a Bingu wa Mutharika linayambitsa pulogalamu ya makuponi a feteleza wotsika mtengo, ngakhale ena mwa othandiza dziko lino sanakondwere nazo. Zokolola zinakwera, mvula nayo inathandiza, ndipo mu 2007 Malawi anagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Kwa ife a maganizo akumanzere umenewu unali umboni woti boma likaika ndalama m'munda wa wosauka, dziko limadya. Koma onani zimene zinamera m'mbali mwake: mayina a midzi yosakhalako, makuponi ogulitsidwa kwa mavenda, feteleza wosakaniza ndi mchenga, makontirakiti onyamula katundu opatsidwa kwa anzawo a chipani. Pulogalamuyi inasintha dzina mu 2020 n'kukhala AIP, thumba n'kumagulidwa K4,495, koma matenda sanathe. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipidwa ku kampani ina ya ku Britain imene sinali yogulitsa feteleza, ndipo fetelezayo sanabwere. Nduna ya zaulimi inachotsedwa mu October chaka chomwecho.

Mukumbukirenso mathirakitala. Boma linabwereka ndalama ku India zogulira mathirakitala ndi makina otongolera chimanga kuti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa mathirakitalawo anagulitsidwa motchipa kwa andale, akuluakulu a m'boma ndi amalonda. Mlimi anatsala ndi khasu lake, pamodzi ndi ngongole yoti abweze. Nkhani iyi ndimaikonda pa chifukwa china. Anthu anakadandaula kwa Ombudsman, amene pa nthawiyo anali mayi Martha Chizuma. Iwo anafufuza, n'kutulutsa lipoti mu 2016. Boma linakatsutsa kukhoti, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi Ombudsman, ndipo akuluakulu a maunduna okhudzidwa analamulidwa kupepesa kwa Amalawi. Kupepesa sikubweza thirakitala, komabe tinaona kuti dandaulo la munthu wamba likhoza kugwedeza likulu la boma ku Capital Hill.

Za Cashgate sinditalikitsa, mukuzidziwa. Mu September 2013 mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pakhomo pawo ku Lilongwe, ndalama zinayamba kupezeka m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ndipo akatswiri ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasololedwa m'miyezi 6 yokha. Maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti. Amene anamva kuwawa si amene anaba. Anali wodwala amene anauzidwa kuti mankhwala kulibe, kagule ku famase.

Mwaona kuti ndatchula maboma a zipani zosiyanasiyana. Ndachita dala. Chipani chilichonse chimene chalamulirapo dziko lino chili ndi mlandu wake pa nkhokwe imeneyi.

Tsono pali anthu ena, ophunzira bwino ndipo ena a iwo ofunira dziko zabwino, amene akamva zonsezi amati: mwaona, boma silingayendetse kanthu. Tsekani ADMARC, thetsani sabuside, gulitsani makampani a boma, odwala azilipira kuchipatala, kuba kudzatha chifukwa kudzakhala kulibe choba. Mfundo yawo ili ndi mphamvu, chifukwa kubako n'koona. Koma khoswe akalowa m'nkhokwe, mwini nyumba satentha nkhokweyo. Amasaka khoswe, n'kumata pamene analowera. Wolemera nkhokwe ya dziko alibe nayo ntchito: ali ndi chipatala cholipira, sukulu ya pulaiveti, ndipo chimanga chikadula amagula mpunga. Mukatseka msika wa boma mwalanga yemwe uja anaberedwa kale. Tinaziona mu 2022, pamene ADMARC inaimitsa ntchito n'kuchotsa antchito ake onse kuti ikonzedwenso. Mavuto a bungweli anali enieni, koma miyezi imene misika yake inali yotseka, wogula wa kumudzi anatsala m'manja mwa vendala.

Ndipo kugulitsa katundu wa boma nakonso kumafuna maso. Kuyambira pa lamulo la 1996, makampani ambiri a boma anagulitsidwa, kuphatikizapo fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre. Nthawi zonse funso ndi lomwe lija: wagula ndani, pa mtengo wanji, ndipo antchito apita kuti? Kumene anthu sangafunse, kugulitsa kumangosamutsa chuma cha onse kupita m'matumba a ochepa.

(NYIMBO PANG'ONO)

Chimene chimatilepheretsa kufunsa, ndikuganiza ine, ndi kakhalidwe kamene tinazolowera koona chitukuko ngati mphatso. Phungu akabweretsa mjigo timavina, timamutcha bwana, timati watikumbukira. Mtsogoleri akagawa chimanga cha thandizo, thumba limaperekedwa ngati lachokera m'munda mwake. Amayi ndi abambo, ndalama zimenezo ndi zanu. Musaganize kuti msonkho amakhoma ndi okhawo olandira malipiro pamwezi. Mukagula mayunitsi a foni, mwakhoma. Mukakwera minibasi, mu mtengo wa mafuta muli msonkho. Mayi wogulitsa masamba amadula tikiti ya msika tsiku lililonse, ndalama n'kupita ku khonsolo, ngakhale msikawo ulibe chimbudzi. Ngongole zimene boma likubwereka lero adzabweza ndi ana anu. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amazigwira pokhapokha anthu akupitiriza kumukhulupirira. Munthu wosungitsidwa katundu sakwiya mwini wake akafunsa. Ndipo lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pokopa mavoti, chifukwa amene wakugulani ndi K2,000 sadzabweranso kudzakuyankhani.

Kufunsaku kumayambira pafupi. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linati mphamvu zitsike kwa anthu. Tinasankha makhansala mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala mpaka 2014. Zaka zonsezo ndalama zinkapita kumakhonsolo popanda munthu wosankhidwa ndi anthu woziyang'anira, ndipo sitinachite phokoso lokwanira. Lero makhansala alipo. Makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC alipo. Ndalama za chitukuko za CDF zimabwera chaka ndi chaka m'dera la phungu aliyense. Koma ndi angati mwa ife anaonapo pepala losonyeza kuti mlatho uja wa pamtsinje unadya ndalama zingati, ndipo kontirakitala anali yani? M'madera ambiri komiti imadzaza ndi anthu a chipani cha phungu, ndipo mayi wamasiye amene dzina lake lachotsedwa pa mndandanda wa feteleza sadziwa n'komwe tsiku la msonkhano.

Chida chilipo chimene anthu a mu 2002 analibe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga wa m'maofesi a boma linasainidwa mu 2017, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mmalawi aliyense akhoza kupempha ku ofesi ya boma, ku khonsolo kapena ku bungwe loyendetsedwa ndi ndalama za boma kuti aone zikalata, ndipo ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana popanda chifukwa, mukhoza kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission. Ndikudziwa kuti maofesi ena amazengereza, ena amakuyang'anani ngati mwabwera kudzayambana nawo. N'chifukwa chake simuyenera kupita nokha. Kalata yosainidwa ndi kalabu ya alimi, gulu la banki m'khonde, komiti ya sukulu, mpingo kapena mzikiti, ndi bungwe la ochita malonda pamsika, imavuta kuiponya m'dirowa. Anthu osauka sanapezepo kanthu m'dziko lino popita mmodzimmodzi.

Kwa inu amene muli m'maudindo ndipo mukumvera, pempho langa ndi losavuta. NFRA ndi ADMARC zizilengeza mwezi uliwonse, pa wailesi ndi m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zilankhulo zina, kuchuluka kwa chimanga chimene chili m'nkhokwe, chimene chagulidwa, chimene chatuluka ndi kumene chapita. Mndandanda wa olandira feteleza uzimatidwa pa sukulu ndi pa bwalo la mfumu nyengo isanayambe. Malipoti a mkulu wofufuza za chuma cha boma asamathere ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, azifika ku khonsolo n'kuwerengedwa pamaso pa anthu. Ndipo lamulo ligwire mofanana. Sizoona kuti wakuba mbuzi aweruzidwe sabata yomweyo pamene mlandu wa mabiliyoni ukukhala m'khoti zaka, mboni mpaka kumwalira.

Kwa inu omvera, sabata ino funsani amfumu kapena khansala wanu tsiku la msonkhano wotsatira wa ADC, ndipo mupiteko ndi anzanu. Mukafunse kuti ndalama za chitukuko zimene zabwera m'dera lanu chaka chino ndi zingati, zagwira ntchito yanji, ndipo mapepala ake ali kuti. Mukafunse mwaulemu, koma musachoke musanauzidwe tsiku lodzalandira yankho. Zimene akakuyankheni mutilembere kapena mutiimbire foni, tidzaziwerenga pa pulogalamu ino.

 

(NYIMBO YOTSEKERA)